Apanjinga Oyenda Okha ndi Mapu a Anthu Onse: Mbiri ya Mwambo Wolembera Ena Njira

Pakati pa anthu ambirimbiri amene masiku ano amajambula mapu a OpenStreetMap, omwe ndi mapu a dziko lonse lapansi opezeka pa intaneti amene aliyense ali ndi ufulu wowagwiritsa ntchito ndi kuwakonza popanda kulipira, pali gulu lina limene ntchito yake ili ndi mizu yakale kuposa makompyuta. Awa ndi anthu opalasa njinga maulendo ataliatali ali okhaokha, amene akafika pogona kapena akabwerera kwawo amakhala pansi n'kulemba pa mapuwo zimene aona m'njira, monga pamene phula lathera, pamene pali mjigo wotulutsa madzi ndi pamene mlatho udakokoloka. Mwambo woti wapanjinga azilembera mnzake wosamudziwa za njira imene wadutsa udakhazikika ku Ulaya ndi ku America m'zaka za m'ma 1880, ndipo mbiri yake ikuonetsa kuti ulendo wa munthu mmodzi umatheka chifukwa cha zimene ena adalemba kale, kotero kuti amene wapindula nazo amadzimva kuti ali ndi ngongole yoyenera kubweza.

Kuti mwambowu umveke bwino, n'kofunika kudziwa mmene misewu idalili pamene njinga idayamba kufala. Kuchokera mu 1830, pamene njanji ya pakati pa Liverpool ndi Manchester idatsegulidwa, sitima zapamtunda zidalanda anthu ndi katundu amene kale ankayenda pa ngolo zokokedwa ndi akavalo, ndipo misewu ikuluikulu ya ku England, imene inkakonzedwa ndi ndalama zolipiritsa odutsa, idasowa woisamalira, nyumba zambiri zogona alendo za m'mbali mwake n'kutsekedwa. Oyamba kubwerera m'misewu imeneyi mwaunyinji adali apanjinga a m'zaka za m'ma 1870, amene ankakwera njinga ya gudumu lalikulu kutsogolo ndi kagudumu kakang'ono kumbuyo. Wokwerayo ankakhala pamwamba pa gudumu lotalika kufika pachifuwa cha munthu, mabuleki ake adali ofooka, ndipo mwala umodzi pa mtsetse unkatha kumuponya chamutu. Kwa munthu wotere, kudziwa ngati kutsogolo kuli mtsetse woopsa kapena msewu wa matope idali nkhani ya moyo ndi imfa, koma mapu a boma a nthawi imeneyo, amene ankajambulidwa poganizira asilikali, eni malo ndi akuluakulu a boma, sankanena zambiri za mmene msewu ulili pansi pa gudumu.

Apanjingawo ataona kuti palibe wowauza zimenezi, adaganiza zouzana okha. Mu Ogasiti 1878, mu mzinda wa Harrogate mudakhazikitsidwa bungwe la Bicycle Touring Club, limene mu 1883 lidasintha dzina n'kukhala Cyclists' Touring Club ndipo lero likudziwika kuti Cycling UK. Bungweli lidasankha mamembala odzipereka m'matauni osiyanasiyana kuti akhale oimira ake, ndipo ntchito yawo idali kuyankha makalata a apaulendo ofunsa za njira, kupeza nyumba za alendo zolandira apanjinga pa mtengo wogwirizana, ndi kutchula amisiri odziwa kukonza njinga. Pamwamba pa zitunda zoopsa bungweli lidakhoma zikwangwani zachitsulo zochenjeza okwera, zaka zambiri boma lisadayambe kuika zikwangwani zapamsewu mwadongosolo. M'zaka za m'ma 1890 lidasindikiza mabuku ofotokoza misewu ya Britain mtunda ndi mtunda, ndipo zimene zidalembedwamo zidasonkhanitsidwa kuchokera kwa mamembala amene adapalasa m'misewumo. Pofika mu 1899, mamembala ake adapitirira 60,000.

Maiko ena adatsata njira yomweyo, aliyense mwa kachitidwe kake. Ku America, bungwe la League of American Wheelmen, limene lidayamba ku Newport mu 1880, lidasindikiza mabuku a misewu a zigawo zosiyanasiyana komanso lidatsogolera mfuu yofuna misewu yabwino, mfuu imene idathandiza kuti mu 1893 boma likhazikitse ofesi yofufuza za misewu. Ku Netherlands, bungwe la ANWB, lobadwa mu 1883, lidayamba kuika zikwangwani zolozera njira mu 1894. Ku France, Paul de Vivie wa ku Saint-Étienne, amene ankalemba m'dzina la Vélocio m'magazini yake ya Le Cycliste, adalimbikitsa maulendo ataliatali oonera dziko ndiponso njinga za magiya zokwerera mapiri. Ku Italy, apanjinga 57 adakumana ku Milan mu Novembala 1894 n'kuyambitsa Touring Club Ciclistico Italiano, ndipo mmodzi wa iwo, Luigi Vittorio Bertarelli, amene adapalasa yekha mpaka kumwera kwa dzikolo, adatsogolera ntchito yojambula mapu a Italy yense kuyambira mu 1906, mothandizidwa ndi anthu a m'madera amene ankatsimikizira maina a malo.

Chitsanzo chooneka bwino kwambiri cha mgwirizano wa wapanjinga ndi wojambula mapu chidachokera ku Edinburgh, kwa kampani ya John Bartholomew. Mapu ake otchuka, amene theka la inchi papepala linkaimira mailo imodzi pansi, ankaonetsa kukwera kwa nthaka ndi mitundu yosinthasintha, kuchokera pa wobiriwira wa m'zigwa mpaka wofiirira wa m'mapiri, kotero kuti wapanjinga ankangoyang'ana n'kudziwiratu pamene adzakhetse thukuta. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kampaniyi idagwirizana ndi Cyclists' Touring Club kuti mamembala azitumiza zokonza, ndipo chizindikiro cha bungwelo, gudumu la mapiko, chidayamba kuoneka pa mapuwo. Membala ankapalasa msewu wa kwawo, n'kulemba kalata yonena kuti chigawo chakutichakuti n'chabwino, china n'chapakati, china n'chosayenera njinga, ndipo akatswiri a kampaniyo ankasintha mapuwo posindikizanso. Dongosolo limeneli, la anthu ambiri osalipidwa oyendera malo ndi malo amodzi osonkhanitsira zimene apeza, ndi lomwelo limene lidadzaonekanso pa intaneti patapita zaka 100, kupatula kuti mapu a Bartholomew adali katundu wa kampani ndipo mamembalawo ankawagulabe.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kudatulukiranso anthu amene adapita kutali kuposa kumene mabuku a misewu ankafika. Thomas Stevens, wobadwira ku England, adanyamuka ku San Francisco mu Epulo 1884 pa njinga ya gudumu lalikulu, adafika ku Boston mu Ogasiti atayenda wapansi mbali yaikulu ya njirayo akukankha njinga, ndipo adapitiriza kudzera ku Ulaya, Turkey, Persia, India ndi China mpaka kufika ku Yokohama mu Disembala 1886, atapalasa makilomita pafupifupi 22,000. Malipoti ake m'magazini ya Outing ankafotokoza za nthaka, madzi ndi malo ogona, ndipo adakhala poyambira pa amene adamutsatira. Njinga yofanana ndi yamasiku ano, ya magudumu awiri osasiyana kwambiri kukula ndi tcheni choyendetsa lakumbuyo, idafala kuchokera pa Rover ya John Kemp Starley ya mu 1885, ndipo matayala opopa mpweya a John Boyd Dunlop a mu 1888 adachepetsa ululu wa misewu ya miyala. Ngakhale zidali choncho, ulendo wa munthu mmodzi udali woopsabe, monga zidaonekera pa Frank Lenz wa ku Pittsburgh, amene adanyamuka mu 1892 n'kusowa mu 1894 kum'mawa kwa Turkey, m'dera la Erzurum.

Galimoto itafala, misewu ndi mapu zidayamba kukonzedwa poganizira woyendetsa galimoto, ndipo mabungwe ena amene adayambitsidwa ndi apanjinga, monga a ku Italy ndi ku Netherlands, adatembenukira kwa eni magalimoto. Mapu a nthawi imeneyi ankakuza misewu ikuluikulu n'kusiya tinjira timene wapanjinga amakonda. Komabe oyenda okha sadaleke. Kazimierz Nowak wa ku Poland adayenda mu Africa kuyambira mu 1931 mpaka 1936, kuchokera ku Tripoli kukafika ku Cape Agulhas kumapeto kwenikweni kwa South Africa n'kubwereranso kumpoto, mtunda wa makilomita pafupifupi 40,000, wambiri panjinga ndipo wina wapansi, pa kavalo, pa ngamila ndi pa bwato. Dervla Murphy wa ku Ireland adapalasa yekha mu 1963 kudzera ku Iran, Afghanistan ndi Pakistan mpaka ku Delhi. Anthu otere ankadalira mapu apepala osonyeza dera lalikulu mwachidule, kufunsa eni dera, ndi kukumana ndi apanjinga ochokera kumene iwo akupita. Awiri akakumana pamsewu ankaima n'kutsegula makope awo, wina n'kukopera kwa mnzake mtunda wofikira pa chitsime chotsatira, koma nzeru zimenezi zinkathera m'makope momwemo ndipo zinkafikira anthu ochepa.

Zinthu ziwiri zidasintha zonsezi. Choyamba chidali GPS, njira yodziwira pamene munthu ali padziko pogwiritsa ntchito zizindikiro zochokera ku masetilaiti a boma la America. Kwa zaka zambiri asilikali ankasokoneza dala zizindikiro zopita kwa anthu wamba, moti chipangizo chinkatha kuphonya ndi mamita 100, koma mu Meyi 2000 kusokonezako kudathetsedwa ndipo kuphonyako kudatsika kufika pa mamita pafupifupi 10, zimene zikukwanira kusiyanitsa msewu wina ndi unzake. Chachiwiri chidali kusakhutira ndi umwini wa mapu. Ku Britain, bungwe la boma la Ordnance Survey, limene mbiri yake imayambira mu 1791, lidali ndi mapu abwino kwambiri, koma wofuna kuwagwiritsa ntchito pa kompyuta ankayenera kulipira ndalama zambiri ndi kutsata malamulo okhwima. Mu 2004, Steve Coast adayambitsa OpenStreetMap ku London potengera chitsanzo cha Wikipedia, ndipo mizere yoyambirira ya mapuwo adaisonkhanitsa akupalasa njinga m'dera la Regent's Park atanyamula chipangizo cha GPS.

M'zaka zoyambirirazo, wojambula mapu ankamangirira chipangizocho pa handulo ya njinga kapena kuchiika m'thumba lapamwamba la chikwama kuti chizilandira bwino zizindikiro zochokera kumwamba, ndipo chinkalemba pamene iye ali pakangopita kamphindi kalikonse, madontho ake n'kupanga mzere wotsata njira imene wadutsa. Pa mphambano iliyonse ankaima, n'kulemba dzina la msewu m'kope, kapena kujambula chikwangwani ndi kamera imene nthawi yake adaifananitsa ndi ya chipangizocho kuti pambuyo pake chithunzi chilichonse chidzagwere pamalo pake. Ena ankalankhula m'kachipangizo kojambula mawu kuti asamaime pafupipafupi. Madzulo ankakopera mzerewo mu kompyuta, n'kutsegula pulogalamu yojambulira monga JOSM kapena Potlatch, n'kujambula msewu pamwamba pa madonthowo. Ntchito yotere idachitika pagulu mu Meyi 2006 pa chilumba cha Isle of Wight, pamene odzipereka adagawana chilumbacho n'kuchizungulira pa njinga, wapansi ndi pa galimoto kwa masiku ochepa, ndipo chaka chomwecho kudakhazikitsidwa bungwe la OpenStreetMap Foundation losamalira makompyuta osungira mapuwo.

Njinga idapezeka kuti ndi yoyenera ntchitoyi pa zifukwa zomveka. Woyenda pansi amaona zonse koma safika patali, ndipo woyenda pa galimoto amafika patali koma sangaime pa chikwangwani chilichonse kapena kulowa m'kanjira kopapatiza, pamene wapanjinga angathe kuyenda makilomita 80 kapena 100 pa tsiku n'kumaimabe paliponse pamene wafuna. Amene ali yekha ali ndi mwayi winanso, woti sadikiritsa munthu aliyense akaima kachisanu pa kilomita imodzi, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuonjezera apo, thupi lake lomwe limayeza msewu, chifukwa mchenga umamutsitsa panjinga, mabampu amathyola masipoko, ndipo ludzu limamuphunzitsa kufunika kwa mpopi uliwonse. Mu OpenStreetMap chinthu chilichonse chimajambulidwa ngati dontho, mzere kapena malo ozunguliridwa, kenaka chimapatsidwa mawu ofotokoza chimene chili, ndipo mawuwo amagwirizanidwa ndi ojambulawo pokambirana. Apanjinga ndi ena mwa amene amalimbikira kwambiri kulemba ngati msewu ndi wa phula, wa miyala, wa dothi kapena wa mchenga, kusalala kwake, ndi malo a madzi akumwa, ogona ndi okonzera njinga. Zimenezi ndi zimene zidapangitsa kuti patuluke mapu a apanjinga monga OpenCycleMap ya Andy Allan, komanso mapulogalamu osankhira njira monga CycleStreets ya ku Cambridge, imene idatsegulidwa mu 2009.

Gulu la OpenStreetMap lili ndi malamulo awiri amene amakweza udindo wa munthu wofika pamalo. Loyamba limaletsa kukopera kuchokera pa mapu a eni ake, monga a Google, chifukwa kutero kungaike mapu onse pa mlandu, ndipo kuyambira mu Seputembala 2012 zonse zimene zili mu OpenStreetMap zimagawidwa pansi pa chilolezo cha Open Database License, chimene chimalola aliyense kuzigwiritsa ntchito bola atchule kumene zachokera ndi kugawananso zimene wawonjezera. Lachiwiri limati pakakhala kusagwirizana, chimene chikuoneka pamalopo ndicho chilembedwe, kotero kuti umboni wa munthu amene wawerenga chikwangwani ndi maso ake umalemera kuposa ganizo la amene sadafikepo. Chilichonse chimene munthu wasintha chimasungidwa pamodzi ndi dzina lake lolembera ndi tsiku, ndipo wina angathe kumufunsa kapena kumukonza. Kagwiridwe kameneka kakufanana ndi dima, pamene anthu a m'mudzi amasonkhana kulima munda wa mmodzi podziwa kuti mawa khasu la mnzawo lidzagwa m'munda mwawo, ngakhale kuti pano ogwira ntchitowo ambiri sadzaonana konse.

Zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga zidachepetsa kufunika kwa mizere ya GPS. Kampani ya Yahoo idalola ojambula kutsata zithunzi zake kumapeto kwa 2006, ndipo Microsoft idachita chimodzimodzi ndi zithunzi za Bing mu Novembala 2010, kotero kuti munthu adayamba kujambula misewu ya dziko lakutali ali kunyumba kwake. Mphamvu ya njirayi idaonekera chivomezi cha pa 12 Januwale 2010 chitagwetsa Port-au-Prince ku Haiti, pamene odzipereka mazana ambiri adajambula mzindawo m'masabata ochepa ndipo opulumutsa anthu adagwiritsa ntchito mapuwo. Chaka chomwecho kudakhazikitsidwa mwalamulo bungwe la Humanitarian OpenStreetMap Team, ndipo mu 2014 bungweli, pamodzi ndi Médecins Sans Frontières ndi mabungwe a Red Cross a ku America ndi ku Britain, lidayambitsa ntchito ya Missing Maps yojambuliratu madera amene ali pa chiopsezo. Chiwerengero cha olembetsa mu OpenStreetMap chidafika 1 miliyoni mu Januwale 2013. Komabe chithunzi cha mumlengalenga sichiwerenga dzina la sukulu, sichiona njira yodutsa pansi pa mitengo, sichidziwa ngati mjigo udafa, ndipo nthawi zina chimakhala cha zaka zingapo zapitazo, pamene mtsinje udali usadasinthe njira. Motero ntchito ya wapanjinga idachoka pa kujambula mzere n'kupita pa kutsimikizira ndi kufotokoza mzere umene wina adajambula ali kutali.

Kusiyana kwa chithunzi ndi zimene zili pamalopo kukuoneka kwambiri m'maiko a mu Africa, kumene misewu yambiri ya kumidzi ndi yafumbi ndipo imasintha ndi nyengo, moti ojambula adakonza malangizo apadera a mmene misewu ya mu Africa iyenera kulembedwera, oti msewu uziyesedwa potengera ntchito imene umagwira polumikiza midzi ndi misika, ngakhale ulibe phula. Ku Malawi, mu 2014, Humanitarian OpenStreetMap Team idagwira ntchito ndi nthambi za boma zoona za mapu ndi za ngozi zogwa mwadzidzidzi pophunzitsa anthu kujambula midzi, misewu ndi nyumba za m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, miyezi yochepa madzi asadasefukire m'chigwa cha Shire mu Januwale 2015. M'madera otere, mlendo wodutsa panjinga angathe kulemba zimene waona tsiku limodzi, koma sangadziwe kuti dambo limene wawoloka mu Seputembala silidutsika mu Febuluwale, ndipo khutu lake lingathe kupotoza dzina la mudzi, monga momwe mapu a nthawi ya atsamunda adalembera Cholo ndi Mlanje m'malo mwa Thyolo ndi Mulanje. Amene amadziwa njirazi nyengo zonse ndi akabaza, alimi opita kumsika ndi alangizi a zaumoyo amene amapalasa m'njiramo tsiku ndi tsiku.

Foni zam'manja zapeputsa ntchito imene kale inkafuna chipangizo cha GPS, kamera, kope ndi kompyuta. Mapulogalamu monga OsmAnd ndi Organic Maps amasunga mapu m'foni kuti azigwira ntchito kumene kulibe netiweki, ndipo StreetComplete, yolembedwa ndi Tobias Zwick, imafunsa mafunso osavuta monga mtundu wa msewu umene munthu waimapo. Ngakhale zili choncho, mavuto alipobe. Ojambula ambiri amene amagwira ntchito yaikulu ndi amuna a ku Ulaya ndi ku North America, zimene zimapangitsa kuti mapu a mizinda ya ku Germany akhale ndi zinthu zing'onozing'ono monga mabenchi, pamene midzi yathunthu kwina ilibe maina. Makampani akuluakulu monga Apple, Meta, Microsoft ndi Amazon adalemba anthu ntchito yokonza mapuwa, ndipo ngakhale athandiza kuwonjezera misewu yambiri, odzipereka ena amadandaula kuti mawu a anthu ofika pamalo angamizidwe ndi kuchuluka kwa zojambulidwa kutali.

Kuchokera pa makalata opita ku Edinburgh mpaka pa zosintha zotumizidwa kudzera pa foni, chimene chasunga mwambowu kwa zaka zoposa 140 ndi kuzindikira kuti njira imadziwika bwino ndi amene waidutsa ndi mphamvu za miyendo yake, ndiponso kuti nzeru yotereyi imafa ngati siilembedwa pamalo pamene ena angaipeze. Chimene OpenStreetMap idawonjezera ndi chakuti zolembedwazo sizikhalanso katundu wa kampani kapena boma, ndipo zimafikira woyendetsa ambulansi ndi wopereka chithandizo pa ngozi mofanana ndi wapaulendo. Tsogolo la mwambowu likudalira kuti ufike kwa anthu mamiliyoni ambiri amene njinga kwa iwo ndi chida chopezera chakudya, ndipo zimenezi zikufuna foni zotsika mtengo, mabando a intaneti amene munthu wamba angakwanitse, maphunziro m'zilankhulo za eni dera, ndi ulemu wochokera kwa ojambula akale polandira zimene atsopanowo alemba.